Khadi la Malemu Shamiso

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri, chifukwa n'chaka chimene bambo anga anandimenya koyamba, ndipo sanabwerezenso mpaka tsiku la imfa yawo. Mlandu wanga unali woti ndinawaitana kuti bambo.

Tinkakhala pa komboni ya esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Chipinge, kuno ku Zimbabwe. Nyumba zake zinali za mzere, zipinda ziwiriziwiri, zoti mnzako akatsokomola kuseri kwa khoma umamuuza pepani uli pamphasa yako. M'mawa nkhungu inkatsika kuchokera ku nkhalango ya Chirinda n'kukuta minda yonse, ndipo othyola tiyi ankalowa m'nkhungumo ndi madengu kumsana, atadzikulunga mapulasitiki m'chiuno kuopa mame. Bambo anga, a Laisoni Banda, anali mmodzi wa iwo. Anabadwira pa komboni pomwepo. Amene anachokera ku Mulanje, ndiponso wapansi, anali agogo anga aamuna, ndipo anagona kumanda a pa esiteti kuseri kwa mabulugamu. Bambo ku Malawi sanapondeko. Phiri la Mulanje ankalidziwira pa kalendala yakale imene amayi ankakana kuichotsa pakhoma.

Komabe chitupa cha bambo chinali ndi chilembo cha A, kutanthauza kuti mlendo. Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma ife tinali titakhala mame kwa mibadwo itatu.

Chaka chimenecho kunali chisankho cha mtsogoleri wa dziko, ndipo chisanafike kunatuluka lamulo. Linkati aliyense amene kholo lake linabadwira kunja apite ku Harare, kwa kazembe wa dziko la makolo akewo, akasaine kuti akulikana dzikolo. Akapanda kutero si nzika, ndipo dzina lake lichotsedwa m'kaundula wa ovota. Bambo anali atavota zisankho zonse chilandirire ufulu. Anali ndi jekete limodzi lakuda limene ankavalira zinthu ziwiri zokha, Mgonero wa Ambuye ndi kuvota. Atamva za lamuloli pa wailesi anayamba aseka kaye, kenako anafunsa amayi kuti munthu angasudzule bwanji mkazi amene sanamukwatirepo. Ku Harare sanapite. Ulendo wake unkaposa malipiro a mwezi, ndipo amene anayesa anabwerako ndi nkhani za mizere yogona panja.

Masiku amenewo anyamata ovala zipewa zachipani ankabwera pa komboni Lamlungu masana n'kutisonkhanitsa pa bwalo la mpira. Ankaimba kuti anthu a m'makomboni alibe mutupo. Mutupo ndi chimene ife timati mfunda, ndipo ife a Banda wathu tinali nawo, koma ndani akanakweza dzanja kuti akonze nyimbo? Ankatitchula kuti Mabhurandaya, kunena anthu a ku Blantyre, mzinda umene pa komboni yonse anaufikapo anali nkhalamba ziwiri kapena zitatu. Tikabwerako bambo ankangoti kwa eni kulibe mkuwe. Mawu amenewa ankandipsetsa mtima, chifukwa sindinkadziwa malo ena alionse kumene ifeyo tikanakhala eni.

Koma za kuvota zinali za akuluakulu. Ine langa linali vuto lina. Ndinali Giredi 7, ndipo mwana wopanda setifiketi ya kubadwa, imene pa komboni tinkangoti bethi, sankaloledwa kulemba mayeso omaliza. Ine ndinabadwira m'nyumba, m'manja mwa azamba, ndipo panalibe pepala lililonse lonena kuti ndilipo. Bambo anali atapita katatu kumaofesi a boma. Ankauzidwa kuti abwere ndi chitupa cha amayi. Amayi chitupa analibe, ndipo kuti achipeze pankafunika mapepala a makolo awo amene anali atawola kale m'manda pamodzi ndi eni ake. Lamulo latsopano litatuluka, yankho linafupikanso: pitani kaye ku Harare.

Ndinkadziwa bwino chimene chinkandidikira, chifukwa ndinkagona nacho chipinda chimodzi. Achemwali anga a Malita anafika Giredi 7 zaka zitatu m'mbuyomo, anakhala panja anzawo akulemba, ndipo mwezi wotsatira anapatsidwa dengu. Zala zawo zinali zitada kale ndi utomoni wa masamba. Ine, Elube, ndinali mwana wapakamwa, wodzimva, woyamba m'kalasi chaka ndi chaka, ndipo ndinkauza aliyense wofuna kumva, ngakhale wosafuna, kuti ndidzakhala mphunzitsi. Dengu ndinkaliopa kuposa njoka.

Khomo loyandikana ndi lathu linali la a Mlambo, oyendetsa thirakitala, munthu wa mtundu wa Chindau, wa kumudzi wina kufupi ndi Mount Selinda. Iwo ndi bambo ankaimba limodzi m'kwaya ya amuna kutchalitchi. Ankawaitana bambo kuti achimwene, monga anthu a kuno amaitanira aliyense wa ku Malawi, koma pakamwa pawo dzinalo linalibe minga. A Mlambo ndi akazi awo anali ndi mwana wamkazi wobadwa chaka chimodzi ndi ine, dzina lake Shamiso. Anamwalira ali ndi miyezi isanu ndi itatu, anakamuika kumudzi kwawo, ndipo imfa yake sinalembedwe paliponse. Kubadwa kwake kokha ndiko kunalembedwa, poti anabadwira ku chipatala cha mishoni, ndipo khadi lake amayi ake ankalisunga m'Baibulo.

Tsiku lina ndikutsuka mbale kuseri kwa nyumba ndinamva amuna awiriwa akulankhula motsitsa mawu.

"Achimwene," anatero a Mlambo m'Chinyanja chawo chopotoka, "a zitupa akubwera pa sukulu mwezi wamawa. Chisankho chikayandikira amalemba anthu mothamanga. Khadi la Shamiso lilipo. Elube alowe pamenepo."

Bambo anati, "Ndiye kuti mwana wanga adzakhala wanu."

"Papepala pokha."

"Masiku ano munthu ndi pepala, a Mlambo."

Bambo anavomera patapita sabata. Khadilo anabweretsa ndi Mai Mlambo okha. Anaima pakhomo, anakana mpando, anapereka kwa amayi ndi manja awiri n'kunena kuti, "Tengani. Koma dzinali musamaliitane ine ndili pafupi." Atachoka ndinalitsegula. Linali lachikasu, lofewa ngati nsalu chifukwa chogwiridwagwiridwa. M'kati munali mzere wa sikelo ya mwana umene unkakwera bwinobwino mwezi ndi mwezi, kenako n'kungothera m'malere.

Ndiye sukulu ya bambo inayamba. Akaweruka ankavundikira dengu pansi kuti likhale tebulo, ankapachika pensulo kukhutu, n'kusanduka kalaliki wa boma. Ankandifunsa m'Chishona, ndipo Chishona chawo chinali choti ngakhale mbuzi ya ku Chipinge ikanadziwa kuti ameneyu kwawo n'kwina. Poyamba ndinkaseka mpaka misozi. Iwo sankaseka. Dzina lako ndani? Shamiso Mlambo. Unabadwa liti, kuti? Kumudzi kwanu n'kuti? Sabhuku wanu, mkulu wosunga buku la mayina a pamudzi, ndani? Mutupo wako? Dziva. Ndikalakwitsa tinkayambiranso pa dzina. Anandiphunzitsa zonse za pakamwa, ndipo pakutha masabata awiri ndinkayankha ngati ndikunena Pemphero la Ambuye.

Phunziro lawo lachiwiri ndilo linali lovuta. Kunja kwa nyumba ndinayenera kuwatchula a Mlambo kuti baba, ndipo bambo anga enieni ndiziwati a Banda, monga aliyense ankawatchulira. Pa komboni panalibe amene sankadziwa kuti ndine mwana wa ndani, koma ambiri akanatseka pakamwa, poti nyumba iliyonse inali ndi bodza lake la mapepala. Ngakhale aphunzitsi aakulu anali atanena kale kuti iwo adzalemba dzina limene lili papepala, za m'mbuyo sakuzidziwa. Amene bambo ankawaopa anali anyamata a zipewa aja, amene anali ochokera kwina ndipo ankangoyendayenda pa esiteti akutchera khutu. Zikanaululika, a Mlambo akanamangidwa, ndipo ine mayeso ndikanawamvera pawindo ngati a Malita.

Lachitatu lina, kutatsala masiku khumi kuti a zitupa abwere, mbuzi yathu inadula chingwe. Amayi anandituma kusikelo, kumene othyola ankapimitsa masamba, kuti ndikawauze bambo. Ndinathamanga, ndipo ndili patali ndinakuwa kuti, "Bambo! Bambo!" Anyamata awiri a zipewa anali atatsamira thirakitala pomwepo. Bambo sanacheuke n'komwe. Anapimitsa dengu lawo, anasamba m'manja pa mpopi, ananyamuka ine ndikuwatsata pambuyo. Titalowa m'nyumba anatseka chitseko, anasolola kamtengo ka tiyi pa mulu wa nkhuni n'kundikwapula nako katatu m'miyendo.

"Ndine ndani ine?" anafunsa.

"Bambo," ndinayankha ndikulira, makani ali pomwepo.

Anakwapulanso. "Ndine ndani?"

"A Banda."

Anaponya kamtengoko pansi n'kutuluka. Mbuzi anakaipeza okha, ndipo anakhala nayo kudambo mpaka dzuwa linapendeka. Amayi akundipaka mafuta anati ndisawade bambo, akuti zinkawapweteka iwo kuposa ine. Sindinakhulupirire, chifukwa miyendo yotupayo inali yanga. Ndinawakwiyira ndi mtima wanga wonse, ndipo masiku khumi otsatirawo ndinkawatchula kuti a Banda ngakhale m'nyumba, mwadala, ndikuwayang'ana m'maso kuti ndione ngati zikuwalowa. Zinkawalowa, ndipo ine ndinkakondwera.

Tsiku linafika, Loweruka. A zitupa anaika matebulo awo m'kalasi ya Giredi 3, imene mawindo ake analibe magalasi. Mzere unayambira pakhomo mpaka ku bwalo la mpira. Pangano linali loti bambo ndi amayi akhale kunyumba, ine ndipite ndi a Mlambo ndi akazi awo ngati banja limodzi. Mai Mlambo anandipesa tsitsi m'mawawo ndipo anandigwira dzanja pamzere ponse. Dzanja lawo linali lozizira, ndipo sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

Titayandikira khomo ndinawaona bambo. Anali ataima pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa windo, atavala jekete lakuda lija, chipewa chili m'manja. Anali atalonjeza kuti sabwera, koma anakanika. A Mlambo atawaona anatsonya pang'ono n'kuyang'ana kumbali.

Patebulo panali mayi wina wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, wooneka kuti watopa kuyambira dzulo. Pakhomo panaima mnyamata wa chipewa amene ankati akuthandiza kusunga mzere, ngakhale panalibe amene anamupempha. Mayiyo anatenga khadi, anatenga zitupa za a Mlambo ndi akazi awo, anafunsa chifukwa chake mwana wafika msinkhu umenewu wopanda bethi. A Mlambo anayankha za ntchito ndi kutalika kwa tauni. Kenako mayiyo anatembenukira kwa ine.

"Unonzi ani?" Ankafunsa dzina langa.

"Shamiso Mlambo," ndinatero. Mai Mlambo anayang'ana pansi.

Anafunsa tsiku lobadwa, mudzi, sabhuku, mutupo, ndipo ndinayankha zonse osapunthwa, m'Chishona changa cha kusukulu chimene chinalibe banga. Analemba, anadinda, anasaina, n'kutambasula dzanja kuti andipatse pepalalo.

Kuno mwana wa Chindau, asanalandire chinthu kwa wamkulu, amayamba wawomba m'manja. Zimenezi ndinkazidziwa bwino, kusukulu tinkachita tsiku lililonse. Koma m'nyumba mwathu amayi anatilera mwa kwawo: mwana wamkazi amagwada maondo onse awiri n'kutambasula manja onse awiri, basi. Nditaona pepala lija likubwera mutu unayera. Ndinangozindikira ndili pansi pa simenti, manja ali m'mwamba, monga ndinkalandirira chilichonse kwa bambo. Iwo m'sukulu yawo yonse ija anali atakonza pakamwa panga, koma za manja sanaziganizire, chifukwa kwa iwo kulandira kwina kunalibe.

Mayi uja anabweza pepalalo pachifuwa pake. Anandiyang'ana kudzera pamwamba pa magalasi.

"Mwana wa kwa Dziva amene amalandira chonchi? Anakulera ndani iwe?"

"Amasewera ndi ana a pa komboni," anatero Mai Mlambo msangamsanga. "Watengera."

Mnyamata wa chipewa anali atasendera pafupi. Mayiyo anayang'ana pawindo, anandiyang'ananso ine, n'kuloza ndi cholembera.

"Bambo awo ali apowo akuyang'ana iwe chilowereni muno. Mphumi zanu zikufanana. Ndi ndani wako?"

Bambo anali pafupi kwambiri, moti ndinkaona ulusi woyera umene amayi anasokera batani la jekete. Yankho limene anandiphunzitsa linali lakuti ndi a Banda, oyandikana nawo nyumba. Linali lokwanira. Koma ndinali ndi mantha, ndipo pansi pa manthawo panali mkwiyo wa mikwingwirima ija. Ndinafuna yankho loti litseke nkhani yonse.

"Sindimudziwa," ndinatero mokweza. "Ndi Mubhurandaya wina wa pa komboni."

Mnyamata wa chipewa anaseka, ndipo anthu a pamzere anasekanso chifukwa iye anali ataseka, ena mwa iwo anthu akwathu amene tinkapemphera nawo. Mayi uja sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Womba m'manja, mwanangu." Ndinawomba. Anandipatsa pepalalo n'kuitana wotsatira. Mpaka lero sindidziwa ngati ananyengedwa kapena anadziwa zonse n'kusankha kundilola kuti ndidutse. Nditacheukira pawindo, pansi pa mtengo panalibe munthu.

Kunyumba ndinawapeza atakhala pakhonde akusoka lamba wa dengu. Jekete linali litapachikidwa kale pamsomali. Ndinagwada n'kuwapatsa pepala. Anapukuta manja pa buluku, analiwerenga pang'onopang'ono milomo ikugwedera, kuyambira pamwamba mpaka pa chidindo. Anapempha amayi kuti abweretse pulasitiki ya shuga, analikulungamo bwinobwino.

"Wayankha bwino," anatero.

Ndinakhala chigwadire, ndikudikira kamtengo kena, ndipo ndinkakafuna.

"Koma mawu omaliza aja sindinakuphunzitse ine. Unawatola kuti?"

"Kusukulu."

Anagwedeza mutu n'kutolanso singano. "Ndiye kuti sukulu ikugwira ntchito."

Sanayitchulenso nkhaniyi, ndipo ine sindinapepese. Ndinkati ndipepesa mawa, mawa likafika manyazi ankakhala atakula kuposa dzulo. Pakati pa ine ndi bambo panalowa ulemu umene kale panalibe. Anasiya kundiseka za mphuno yanga, ine ndinasiya kuwaseka za Chishona chawo. Dzina la Elube analiopa kunja, la Shamiso silinkatuluka pakamwa pawo, ndiye ankangondiitana kuti mayi. Kukwapulidwa ndinakuiwala msanga, koma ulemu umenewu unandipweteka zaka zonse.

Chisankho chitafika anavalabe jekete, anakaima pamzere kuyambira mbandakucha, ndipo dzuwa lili paliwombo anauzidwa kuti dzina lawo m'kaundula mulibe. Anabwerera, anadya, anapita kukadyetsa mbuzi. Ine mwezi wa Okutobala ndinalemba mayeso ndipo ndinakhoza kuposa onse pa sukulu. Ndinapita ku sekondale. Nditakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndinalandira chitupa cha nzika, chinthu chimene m'nyumba mwathu munalibe amene anachigwirapo. Bambo anachitembenuza kangapo m'manja, anati chithunzi chatuluka bwino.

Chaka cha 2008 ndicho chinawatenga. Amene analipo akudziwa mmene zinalili. M'masitolo munali mashelefu okhaokha, sukulu zinatsekedwa, pa komboni anthu ankaphika nthochi zosakhwima, ndipo kutatha kuvota kunabwera kumenyana kwakuti munthu ankaopa ngakhale funso la moni. Bambo anadwala chifuwa. A Mlambo anawanyamula pa thirakitala mpaka ku msewu waukulu, ndipo tinafika nawo kuchipatala. Anamwino anayesetsa, koma mankhwala anali atasowa m'dziko monse. Ndinawadikirira masiku asanu ndi limodzi. Tsiku lachisanu masana anandikodola kuti ndisendere.

"Akadzakufunsa, choyankha ukuchidziwa," anatero. "Pepala lija usadzaliwonongere mtembo. Mtembo sulemba mayeso."

Ndinafuna kunena za tsiku lija la pawindo. Ndinatsegula pakamwa, koma anayamba kutsokomola, ndipo atamaliza anapempha madzi. Anamwalira m'mawa mwake.

Kuti titenge thupi pankafunika chikalata cha maliro, ndipo wosainira anayenera kukhala ndi chitupa. Amayi analibe, a Malita analibe. Ndinalowa ndine. Kalaliki wake anali mnyamata waulemu, anandipepesa, anaika zitupa ziwiri patebulo mogundizana, cha bambo ndi changa. China Banda, china Mlambo. China mlendo, china nzika. Anafika pa mzere wofunsa ubale wa wosaina ndi womwalira.

"Ndinu ndani wawo?"

Panalibe mnyamata wa chipewa m'chipindamo, panalibe amene ankandiopseza. Mwina ndikananena zoona akanangolemba, osafunsa china. Mwinanso akanafunsa. Setifiketi yanga ya Fomu 4 inali pa dzina la Mlambo, malo anga ku koleji ya aphunzitsi anali pa dzina la Mlambo, ndipo a Mlambo enieniwo anali panja akudikira ndi bokosi.

"Timakhala moyandikana nyumba," ndinatero.

Analemba, anandipatsa cholembera, ndinasaina.

Patapita zaka zingapo malamulo a dziko anasintha. Anthu ngati bambo anauzidwa kuti ndi nzika, ndiponso kuti anali nzika chibadwire. Palibe amene anabwera ku manda a kuseri kwa mabulugamu kudzawauza eni ake. A Malita anakatenga chitupa pa dzina lawo lenileni, ali ndi ana anayi ndi msana wopindika. Ine amene ndinathandizidwa ndine amene sindingabwerere. Kuti nditengenso dzina langa ndiyenera kukaulula kuti mapepala anga onse anamera pa bodza, ntchito ithe, ndipo Mai Mlambo, amene tsopano ndi wamasiye wokalamba, akafunsidwe za mwana amene anamuika ndi manja awo. Sindingawachite zimenezo. Ndikapita kukawaona amandilandira bwino, amandiphikira, ndipo mpaka lero sananditchulepo dzina lililonse.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti phunziro la chaka chija linali lakuti bodza limapulumutsa. Nditakula ndinaganiza kuti linali lakuti kholo limalolera chilichonse chifukwa cha mwana. Zonsezi n'zoona, koma sizinditonthoza. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti boma linapempha bambo anga kuti akane dziko limene sanalionepo, iwo anakanika, ndiye mtolowo unagwera ine, ndipo chimene ndinakana ine chinali munthu wamoyo ataima pawindo. Amene analemba lamulo lija sanandione, sanaone bambo, ndipo sindikhulupirira kuti anasowapo tulo. Anafuna kuchepetsa mayina m'kaundula chisankho chisanafike, ndipo anachepetsa. Chisankho chinatha, zinabwera zina, anthu anaiwala, koma m'nyumba ngati yathu lamulolo likugwirabe ntchito ngakhale linafafanizidwa.

Masiku ano ndimaphunzitsa Giredi 7. M'buku la ana muli mutu wonena za ufulu wa nzika, woti mwana aliyense ali ndi ufulu wa dzina ndi dziko, ndipo ndimauphunzitsa bwino, ana anga amakhoza. Chisankho chikafika ndimapita kukavota, sindinaphonyepo, ngakhale sindiyembekezera kanthu. Ndimapita chifukwa voti imeneyo inagulidwa modula. Koma ndikaima pamzere ndimadziwa chimene mabuku a boma akunena, ndipo mabukuwo ndi amene adzatsale ife tonse titapita. Akunena kuti Shamiso Mlambo, amene anaikidwa m'manda ali ndi miyezi isanu ndi itatu, ndi mphunzitsi ndipo amavota. Akunena kuti Elube Banda sanabadwepo. Ndipo akunena kuti Laisoni Banda, mlendo, anamwalira m'chipatala, thupi lake linatengedwa ndi munthu woyandikana naye nyumba.